Mkaidi nambala wani: ganyu yanga ya mu filimu ndi nkhani ya Danny Trejo

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli pa shifiti ya usiku ku Indiana, kaya mukuyendetsa thiraki ku Texas, kaya muli ku Joni, ndi inunso a kumudzi amene mwagula bandulo kuti mundimve. Ndikulankhula kuchokera ku San Fernando Valley, kuno ku Los Angeles. Ndinalonjeza kuti lero tikamba za lendi, koma zimenezo zidikire kaye, chifukwa mtima wanga sunakhale pansi chichokereni dzulo.

Dzulo ndinali mu filimu. Eee, ine amene. Koma musathamangire kukauza amayi anga, chonde, chifukwa mawa mudzi wonse udzuka ukunena kuti mwana wa uje walemera ku Hollywood, kenaka WhatsApp yanga idzaza ndi nkhani za feteleza ndi fizi. Tamverani kaye mmene zinakhalira.

Kuno kuli makampani amene amalemba anthu oti azikaima kumbuyo mu filimu. Aja mumawaona akudutsa pamsewu kapena akudya pa tebulo la kutali ekita akulankhula. Ndinalembetsa kalekale mpaka ndinaiwala. Ndiye uthenga wabwera pa foni: tikufuna amuna akuda, ometa mpala, a zaka zapakati. Ndinati amenewotu ndi ine. Ndinalawira kusanache, basi ziwiri, kukafika pamalopo akundipatsa yunifolomu ya olenje. Mkaidi! Abale anga, ine munthu wosalowapo ngakhale m'chitokosi cha polisi ya ku Ndirande, ndawoloka nyanja kudzavala zovala za kundende.

Anatikhazika mu tenti pamalo oimika magalimoto. Kamtsikana kena kokhala ndi wailesi paphewa, msinkhu wa mwana wanga woyamba, kamatikusa ngati ng'ombe zopita ku dibi. Imani apa, khalani pansi, osayang'ana kamera, osalankhula ndi ekita. Ntchito yanga inali kunyamula thileyi ya chakudya n'kudutsa kumbuyo kwa munthu wamkuluyo, kubwerera, kudutsanso, mpaka miyendo kuwawa. Pakamwa uziyendetsa ngati ukulankhula koma mawu asatuluke, chifukwa akakupatsa mawu oti unene, malipiro ako amasintha, ndiye amasamala kwambiri. Chakudya timadya ogwira ntchito enieni atatha kutenga. Zonsezo ndinapirira. Chimene chinandikwiyitsa n'chakuti madzulo, posayina kapepala ka maola, kamtsikana kaja kanalemba nthawi yowerukira yocheperapo kuti ovataimu isawoneke. Ndinayamba kukweza mawu, Chingerezi chinayamba kundithawa, mukudziwa mmene zimakhalira ukapsa mtima.

Pambali panga panali madala ena a chi Mexico, a ku Pacoima, imvi mbuu, nawonso atavala olenje. Iwo sanakalipe. Anangotulutsa foni, kujambula kapepala kaja, kuonetsa nthawi, n'kuima pomwepo osasuntha mpaka anakonza mapepala a tonse. Tili pa siteji kudikira basi ndinawadandaulira kuti ine zovala za mkaidi zandinyoza. Anaseka, n'kundifunsa ngati ndimamudziwa Danny Trejo, mwana wa kwawo ku Pacoima.

Dzinalo mwina simukulidziwa, koma nkhope mukuidziwa, ndikulumbira. Inu nonse amene munakulira m'ma vidiyo sho, pa mabenchi a matabwa, jenereta ikulira kuseri, mukumukumbukira mkulu wa tsitsi lalitali, ndevu za pamlomo zogwera m'munsi, nkhope yokumbikakumbika, pachifuwa atadinda chithunzi cha mkazi wovala chipewa chachikulu. Mu Desperado ya 1995 ndi uja amaponya mipeni, osalankhula kanthu. Mu Con Air ya 1997 ali m'gulu la akaidi a mu ndege. Mu Anaconda amafa filimu isanatenthe n'komwe. Akangotulukira ife timakuwa kuti chigawenga chafika. Palibe amene ankafunsa dzina lake. Timafuna ekita, Banderas kapena Nicolas Cage.

Ndafika kunyumba usiku sindinagone, ndakhala ndikukumbukira zimene madala aja amandiuza n'kumaonera zimene mwini wakeyo amafotokoza. Munthuyu anabadwa mu 1944 konkuno ku dera la Los Angeles, makolo ake ochokera ku mtundu wa a Mexico. Amene anamulowetsa m'mavuto si mlendo ayi, ndi bambo ake aang'ono, a Gilbert, amene iye ankawakonda kuposa wina aliyense. Anamuphunzitsa nkhonya, anamuphunzitsanso chamba ali ndi zaka 8, heroin ali ndi zaka 12. Kenaka kuba ndi mfuti. Zaka za m'ma 1960 anazithera m'ndende zoopsa za California: San Quentin, Folsom, Soledad. Ku San Quentin anakhala katswiri wa nkhonya wa akaidi.

Apa ndiime kaye, ndilalikire pang'ono, mundikhululukire. Ife tikatumiza ana kumudzi kapena tikawasiya ndi abale, timaopa anthu akunja. Koma amene amawononga mwana nthawi zambiri amadya naye mbale imodzi. Ndi kuno komwe, mnyamata akangofika kumene, amene amamutengera ku mowa Lachisanu lililonse si mzungu, ndi m'bale wake wa Chichewa chimodzi amene anamulandira pa eyapoti. Ndaona anyamata abwinobwino, ofika ndi madigiri, akutha ndi botolo m'ma apatimenti muno. Munthu akugwira madabulo, mashifiti awiri patsiku, sabata yonse, ndalama osaoneka, kumudzi akudikira. Kenaka apolisi amugwira akuyendetsa ataledzera, ndipo inu mukudziwa chimene mlandu umenewo umachita ku mapepala. Sindikutchula munthu. Amene yamukhudza, yamukhudza.

Tibwerere. Pa 5 May 1968 kunabuka chipolowe ku Soledad, woyang'anira ndende wina anagendedwa ndi mwala, ndipo Trejo anali m'gulu la oganiziridwa. Anamutsekera kwa yekha, mlandu wake unali woti ukanatha kumufikitsa ku chilango cha imfa. Mmenemo ndi mmene anapemphera, nalonjeza Mulungu kuti akapulumuka azithandiza anzake tsiku lililonse. Mlandu unatha chifukwa panalibe wochitira umboni. Chaka chomwecho anasiya mowa ndi mankhwala, 1969 anatuluka, ndipo sanabwerereko. Taganizani, 1968! Ambiri a ife tinali tisanabadwe, dziko lathu linali ndi zaka zinayi zokha chilandirireni ufulu.

Ndiye musaganize kuti atatuluka anathamangira ku Hollywood. Anagwira maganyu, kutchetcha kapinga m'makomo mwa anthu, ntchito za zomangamanga, zomwezi timagwira ifezi. Ntchito yake yeniyeni inali kulangiza achinyamata ofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo. Zaka ndi zaka. Mmene amafotokozera yekha, tsiku lina mnyamata amene ankamuthandiza anamuimbira foni kuti kuntchito kwake kwadzaza cocaine, akuopa kugwa, abwere adzakhale naye. Iye anapita. Kuntchitoko kunali kojambulira filimu ya Runaway Train, imene inatuluka mu 1985. Wina atamuona nkhope ija anamufunsa ngati angathe kuchita ngati mkaidi. Ha! Munthu wa San Quentin. Akuti anangoyankha kuti ayesa.

Atavula malaya kuti avale yunifolomu, mmodzi mwa olemba filimuyo, Edward Bunker, anazindikira chidindo cha pachifuwa chija. Bunker nayenso anakhalapo ku San Quentin, ndipo ankakumbukira nkhonya zake. Anamupatsa ntchito yophunzitsa nkhonya Eric Roberts, madola 320 patsiku. Trejo amaseka yekha pofotokoza kuti atamva ndalamayo anaganiza kuti akumutuma kukamenya munthu, mpaka anafunsa kuti amumenye kufika pati. Wotsogolera filimuyo, Andrei Konchalovsky wa ku Russia, atamuona akuphunzitsa, anamuika mu filimu momwemo kuti amenyane ndi Roberts. Apo n'kuti zaka 40 zitakwana kale.

Madola 320 mu 1985, amwene. Ine dzulo, zaka makumi anayi pambuyo pake, sindinayandikireko n'komwe, ndiye wina n'kumafunanso kundidula ovataimu. Ndikaganiza magazi amawira. Ndipo ndikuuzeni inu ofika kumene: kapepala kalikonse kokhudza maola ako, jambula. Kaya ndi ku nyumba yosamalira okalamba, kaya ku weyahausi, kaya kukhitchini. Bwana akamamwetulira kwambiri, jambula kawiri. Ife a Malawi tili ndi matenda a ulemu, timati zikomo bwana ngakhale akutiponda chala. Ulemu ndi wabwino, unatilera, koma sulipira lendi ya ku California.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti kwa zaka zambiri pamndandanda wa mayina kumapeto kwa filimu, iye sankakhala ndi dzina la munthu. Ankangolembedwa kuti mkaidi nambala wani, chigawenga nambala wani. Mpaka filimu yofotokoza moyo wake anaitcha Inmate #1. Anthu ankamufunsa ngati sizimuwawa kumangopatsidwa mbali za munthu woipa wa chi Mexico. Iye sankaona chodandaula, ntchito inalipo, cheke chimabwera, ndipo ndende yeniyeni anali ataiona kale. Anasewera ndi Charles Bronson mu Death Wish 4 mu 1987. Mu Heat ya 1995 ali m'gulu la mbava za Robert De Niro. Mu Breaking Bad mutu wake unayenda pamsana pa kamba m'chipululu, amene munaonera simunaiwale. Mafilimu mazanamazana, ndipo anthu owerengera zoterezi anapeza mu 2020 kuti wafa kokwana 65 pa kanema, kuposa wosewera wina aliyense. Iye amati akasewera munthu woipa amafuna afe ndithu, kuti ana oonera adziwe kumene njira imeneyo imathera.

Ndiye ine ndimati yunifolomu ya tsiku limodzi yandinyoza. Kunyada kwathu kumandiseketsa nthawi zina. Kumudzi ndinali munthu wa tayi, wa ofesi, mesenjala amandiphikira tiyi. Kuno ndimasambitsa agogo a eni ake, ndimawasintha matewera, ndipo pa Facebook ndimajambulitsa nditatsamira galimoto ya neba. Tonse timatero, musanamizire. Dziko lino limationa nkhope koma mayina athu siliwadziwa: wosamalira uja, woyendetsa uja, wa ku Africa uja. Koma chotsani anthu a kumbuyowa muone ngati filimu ituluke. Chotsani osamalira okalamba sabata imodzi yokha muone America ikulira. Ine ndimagwira ntchito imene ana a agogowo, ndi ndalama zawo zonse, sangaipirire ola limodzi. Pamenepo ndiye ndimayenda chifuwa chili patsogolo.

Udindo wa ekita weniweni anaupeza mu 2010, mu Machete, ali ndi zaka 66. Wopanga filimuyo, Robert Rodriguez, ndi yemwe uja wa Desperado, ndipo awiriwa anadzazindikira pojambula Desperado kuti ndi pachibale. Dzina la Machete linayambira mu Spy Kids ya 2001, filimu ya ana, mmene anali malume wopanga zipangizo. Ndipo taonani nkhani ya Machete: munthu wopanda mapepala, woima pamsewu ku Texas kudikira ganyu, ndipo De Niro yemwe uja tsopano ndi wandale wodana ndi obwera. Kumudzi tinkangoona zikwanje ndi magazi, DJ akutanthauzira zake zoseketsa m'Chichewa. Ukaionera uli kuno, utaona magalimoto a imigireshoni akuzungulira mmene achitira mu Los Angeles muno, anthu osatuluka m'nyumba ngakhale kukagula mkaka, imakoma mwina.

Madala a dzulo aja amati ku Pacoima samutenga ngati munthu wa pa kanema. Nkhope yake inajambulidwa pakhoma mumsewu wa Van Nuys Boulevard, ndadutsapo pa basi kambirimbiri osalabadira. Sanasamukire kumapiri kwa anthu olemera, amakhala ku Valley konkuno. Mu August 2019 ku Sylmar, pafupi pomwepa, galimoto inagubuduzika mwana ali mkati, iye anali pomwepo, anakwawira mkati n'kuthandizana ndi mayi wina kumutulutsa. Munthu wa zaka 75. Amakonda kunena kuti chabwino chilichonse chimene chinamuchitikira chinabwera chifukwa chothandiza munthu wina. Ife tikamva kuti m'bale wafika, alibe pogona, foni timaika pa sailenti. Koma akamwalira ndiye timathamanga kutsegula gulu la zopereka kuti thupi lipite kumudzi.

Pano ali ndi malo odyera, Trejo's Tacos, anatsegula mu 2016 pa La Brea Avenue, ndi ena a madonasi ku Hollywood. Ndinalawako tsiku lina, n'zokoma, sindikana, koma mimba ya Mchewa siimva tinthu topindapinda tija. Ndinafika kunyumba n'kuteleka poto. Ndipo inu amene mumandifunsa za ufa, ndabwerezabwereza: musagule uja a Mexico amapangira matotiya, amauphika ndi laimu, nsima yake imanunkhira zachilendo. Funani woyera wamba, kapena pitani ku shopu ya anthu a ku Kenya, ufa wa ugali ndi womwewo. Amene akubwera kuchokera ku Lilongwe mwezi uno andilembere ku inibokosi, ndikufuna usipa ndi thelele louma, ndilipira chikwama. Za lendi tikamba sabata yamawa, shifiti yanga ikuyamba posachedwa. Tsalani bwino.