Nkhosa imodzi ya m'chigwa cha Luangwa

Mwauka bwanji, abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu a m'mawa uno akuchokera pa Luka 15:4-6, pamene Yesu akunena za mbusa amene anasiya nkhosa 99 kuti akafunefune imodzi yotayika.

Wamalonda aliyense wa pamsika wa Kapata angakuuzeni kuti mbusa ameneyu sadziwa kuwerengera phindu. Opanga mankhwala nawonso ankawerengera ngati wamalondayo, moti matenda ogwira anthu owerengeka analibe wowalabadira, ndipo mankhwala ake anachita kupatsidwa dzina lakuti amasiye. Mu 1983 dziko la America linakhazikitsa lamulo lopeputsira misonkho makampani ofufuza mankhwala oterewa, ndipo kuchokera pamenepo mankhwala mazanamazana avomerezedwa.

Ife a kuno kum'mawa sitifunika kuyang'ana kutali. Kaodzera, amene amafala ndi kashembe m'chigwa cha Luangwa, amagwira anthu ochepa pa chaka, koma akapanda kuchizidwa amapha m'miyezi yowerengeka. Kwa zaka zoposa 70, wodwala amene tizilombo tamufika ku ubongo ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic, otentha m'mitsempha, amene ankapha pafupifupi munthu mmodzi mwa odwala 20 alionse. Taganizirani mayi wa ku Mambwe atakhala pambali pa mwana wake, akuopa nthenda, akuopanso jekeseni! Mu Disembala 2023, bungwe la DNDi, lofufuza mankhwala a matenda osalabadiridwa, litachita kafukufuku ku Rumphi m'dziko la Malawi ndi ku Uganda, akatswiri a ku Ulaya anavomereza fexinidazole, mapiritsi omwa kwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya. Anthu anathera zaka zambiri pa ntchitoyi chifukwa cha odwala amene sangawabwezere ngakhale ngwee imodzi, ndipo ine ndikuona mtima wa mbusa uja mwa iwo.

Komatu mbusa wa m'fanizo sanangoipeza nkhosayo: anaisenza pamapewa n'kufika nayo kwawo. Mu 2023 momwemo kunavomerezedwanso Casgevy, chithandizo chokonza majini (tinthu ta m'thupi timene timatengera kwa makolo) a odwala nthenda ya magazi yobadwa nayo yotchedwa sickle cell, koma ku America mtengo wake ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi, pamene odwala ambiri ali kuno ku Africa.

Tipemphere. Atate wa ana amasiye, limbitsani ofufuza amene akugwira ntchito m'mawa uno, tonthozani makolo amene agona m'chipatala ndi ana odwala nthenda yosadziwika dzina, ndipo fewetsani mitima ya oika mitengo, kuti mankhwala afike mpaka ku Mfuwe ndi ku Chama. Amen.