Kalasi ya m'foni: zimene mwana wa sekondale anadutsamo nthawi ya Covid-19

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikambirane za mwana wa sekondale amene sukulu yake inatsekedwa, kalasi n'kusamukira m'foni.

Pa 11 Malichi 2020, bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse. Pofika mu Epulo, sukulu zinali zitatsekedwa m'mayiko oposa 190, ndipo bungwe la UNESCO linati ophunzira pafupifupi 1.6 biliyoni anakhudzidwa. Maphunziro anapita pa Zoom, pa Google Classroom, pa WhatsApp, kwina pa wailesi ndi pa kanema. Koma mu Ogasiti chaka chomwecho UNICEF inanena kuti ana osachepera 463 miliyoni analibe njira ina iliyonse yophunzirira ali kunyumba. Amenewo sukulu inangoima basi.

Nanga amene anali ndi foni ndi intaneti, zinawayendera? Tiyeni tilowe nawo m'phunziro limodzi la masamu.

Nthawi yakwana, mwana watsegula foni. Pa sikilini pali timabokosi takuda tolembedwa mayina okha, chifukwa pafupifupi aliyense wazimitsa kamera. Wina akusunga bandulo. Wina sakufuna kuti anzake aone chipinda chimene amagona ndi azing'ono ake. Aphunzitsi ayamba kusova samu, mawu akumveka modukaduka, ndiye ali pakatikati netiweki yathawa. Kamphindi kochepa chabe. Pamene ikubwerera, aphunzitsi afika kale pa yankho.

"Mwamva nonse?"

Zii. Kenako wina walemba kuti "eya", ena atatu amutsatira, phunziro lapitirira. Mwana wathu uja sanamve, koma kuti atsegule maikolofoni n'kuimitsa kalasi yonse, manyazi amugwira. Wangoti adzaona yekha madzulo. Madzulowo foni ili ndi mkulu wake.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti panali vuto lenileni. M'kalasi, mphunzitsi wabwino sadikira kuti mwana anene kuti sakumva. Amaona cholembera chitaima, nkhope itakwinyika, maso akuthawa bolodi, ndipo amabwerera yekha n'kufotokozanso mwanjira ina. Akalephera iye, pali mnzako wa pa desiki amene amakunong'oneza kuti, "Apa wangoiwala kusintha sayini." Intaneti inatha kutumiza manotsi, mavidiyo ndi ntchito yochitira kunyumba. Diso la mphunzitsi ndi kunong'ona kwa mnzako sizinadutse pa foni.

Ndiye masamu ali ngati khoma: njerwa imodzi ikasowa pansi, mzere uliwonse wa pamwamba umapendama. Amene sanamvetse aljebura mwezi uno, mwezi wamawa magirafu amusokoneza, kenako fizikisi nayo yavuta, iye osadziwa kuti zinayambira pati. Mayeso a PISA, amene amalembedwa ndi ana a zaka 15 m'mayiko ambiri, anaonetsa zimenezi. Pakati pa 2018 ndi 2022, m'mayiko a OECD, bungwe la mayiko amene ambiri mwa iwo ndi olemera, masamu anatsika ndi mapointi pafupifupi 15, kutsika kumene kunali kusanaonekepo. Ngakhale ku Netherlands, kumene pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi intaneti, ofufuza anapeza kuti m'masabata 8 amene sukulu zinatsekedwa ana a pulayimale anaphunzira zochepa kwambiri, ndipo amene anatsalira kwambiri ndi ochokera m'mabanja amene makolo sanapite patali ndi sukulu. Choncho tisamafulumire kunena kuti ana amenewa anachita ulesi.

Panalinso kusungulumwa. Msinkhu wa sekondale ndi umene munthu amadalira kwambiri anzake, ndiye mwadzidzidzi mpira palibe, macheza a pa buleki palibe, belu palibe. Ambiri anayamba kugona mbandakucha n'kumalowa m'kalasi ali m'bulangete. WHO inanena kuti m'chaka choyamba cha mliriwu matenda a nkhawa ndi okhumudwa anakwera ndi 25 peresenti pa dziko lonse, ndipo achinyamata ali m'gulu la amene anavutika kwambiri. Amene anali m'kalasi ya mayeso ndiye mtima unali m'mwamba. Ku England mayeso akuluakulu a ku sekondale, otchedwa GCSE ndi A-level, sanalembedwe n'komwe mu 2020. Ku Uganda ana ambiri anabwerera ku sukulu mu Januwale 2022, patatha pafupifupi zaka ziwiri.

Tinenenso chilungamo, alipo amene anapuma. Mwana wamanyazi ankatha kulemba funso m'malo moimika dzanja. Amene ankavutitsidwa ndi anzake anapeza mtendere. Ndipo vidiyo yojambulidwa umaibweza kangapo konse popanda wokuseka.

Nanga chinathandiza n'chiyani? Ku Botswana, mu 2020, ofufuza anayesa njira yosavuta pa ana a pulayimale. Ena ankangolandira mafunso a masamu pa SMS. Ena, kuwonjezera pa SMS, ankaimbiridwanso foni kwa mphindi 15 mpaka 20, munthu n'kumasova nawo samu ndi kuwafunsa pamene akukakamira. Amene anachita bwino moonekeratu ndi oimbiridwa aja, ndipo sipanafunike kompyuta kapena intaneti, kafoni kamabatani kanali kokwanira.