Amayi, za malo a ku Aroostook aja

Amayi mwaswera bwanji kumeneko, ine ndangoweruka kumene ndiye ndati ndikuyankheni ndisanagone. Eee zomwe munafunsa zija nzoona, mzime wanuyu wapereka kale depoziti ya malo akufuna kugulawo, koma osapitako ngakhale kukapondako, wangoona zithunzi pa intaneti basi, zithunzi zake za mu Julaye kuli kobiriwira. Akuti akufuna azikalima zakezake, madzi akeake, magetsi akeake, kuti zinthu zikadzavuta m'tauni iye asadzadalire sitolo. Maganizowo ndi abwino ine sindikutsutsa ayi.

Deralo ndi Aroostook County, kumpoto kwenikweni kwa Maine kuno ku America, m'malire ndi Canada. Ndi lalikulu zedi koma anthu ake ndi pafupifupi 67,000 okha, ndiye malo ngotchipa, nthaka ndi yabwino, kachewere amachita ngati kwathu ku Dedza, moti masukulu ena amatsekera ana kuti akathandize kukumba. Mpaka a Amish, akhristu okhala moyo wachikale, anakhazikika ku Fort Fairfield ndi ku Smyrna, akulima ndi mahatchi. Ndiye kukhala n'kotheka.

Koma Amayi kuzizira kwake! Ku Caribou sinowo amagwa pafupifupi mamita atatu pa chaka, ndipo mu Januwale 2009 ku Big Black River kuzizira kunafika madigiri -45. Mu Disembala 4 koloko isanakwane kwada kale, ndiye sola akuyidalirayo izigwira bwanji? Pafunika jenereta, pafunika nkhuni zoti wadula chaka chatha zauma, osati zaziwisi. Mwana uja nkhwangwa anaigwira liti? Paja kumudzi ankathawa ngakhale kukatola nkhuni za phala lake.

Kulima ndi kuyambira kumapeto kwa Meyi, pofika Seputembala chisanu chayamba kuwotcha mbewu. Chimanga cha makolo chomwe akuti mumutumizire chija sichingakhwime, musavutike. Ndi kachewere, kabichi, karoti, nyemba zocha msanga, ndiye n'kukhala ndi chipinda chapansi chosungira kuti zisaume ndi kuzizira. Ine tu kuno chaka chino ndakolola mpiru ndi nkhwani kuseri kwa nyumba, anzanga aku tchalitchi amachita kudzapempha, koma nkhwani wake sakoma ngati wanu wotendera uja, ndamusowa. Azakhali aja mwendo uli bwanji?

Aaa ndimaiwala chachikulu, msewu. Misewu ina yolowa m'nkhalango ndi ya eni ake, boma silichotsako sinowo, ndiye ungatsekeredwe mpaka Epulo, kenako matope. Afunse zimenezo. Afunsenso ngati pali mjigo wokumba kale, ndi ngati dothi lake analiyeza kuti n'kuikapo septic, thanki ya pansi ya zonyansa za kuchimbudzi, chifukwa popanda zimenezo chilolezo chomangira nyumba chimavuta. Zipatala zilipo ku Presque Isle, Caribou, Houlton ndi Fort Kent, koma matenda akakula ndi ku Bangor, maola awiri kapena atatu pagalimoto, ndipo mlamu wanga ndi woyembekezera, apa ndi pamene mtima wanga sukukhazikika. Ntchito nazonso n'zochepa, achinyamata ambiri amachokako.

Ine ndamuuza kuti achite lendi ku Presque Isle nyengo yozizira imodzi yathunthu, aone yekha, adziwane ndi aneba, kenako amalize kulipira. Ine akundiona ngati ndikumuchitira nsanje. Inu amakumverani, muimbireni Lamlungu mukachoka kutchalitchi, ma yuniti ndikutumizirani mawa. Mupereke moni kwa onse.