Mawu a m'mawa: Lilime likakhota, tsatani waya

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Tili pa Mateyu 12:34, paja pakamwa pamangotulutsa zimene zadzaza mumtima. Musanalankhule ndi munthu lero, yambani mwaona kumene mawu anuwo akuchokera.

Lilime lili ndi minofu ya mitundu 8. Inayi imalimangirira ku ziwalo zoyandikana nalo, koma inayi inayo imayambira ndi kuthera m'lilime momwemo, osagwira fupa lililonse. Wa superior longitudinal wagona pamwamba, pansi pa khungu lenileni la lilime, ndipo umalifupikitsa ndi kupindira nsonga m'mwamba. Wa inferior longitudinal umapindira nsongayo pansi. Wa transverse umachoka pakati kupita m'mbali, ukakoka lilime limaonda n'kutalika. Wa vertical umaliphwathalitsa. Mulungu analuka zimenezi mwaluso, abale, koma palibe mnofu umene umadziyendetsa wokha. Yonse inayi imadikira lamulo lodzera mu mtsempha wa hypoglossal, wa nambala 12 mwa mitsempha yotuluka mu ubongo. Lilime lili ngati babu, mtsemphawo ndiwo waya.

Mtsemphawu ukawonongeka mbali imodzi, munthu akatulutsa lilime limakhotera kumbali yowonongekayo, chifukwa mbali yamphamvu imalikankhira kumeneko. Pa chithunzi cha MRI, makina a kuchipatala ojambula za m'kati mwa thupi, masabata oyambirira theka limenelo limaoneka lotupa, moti wosazolowera angaganize kuti ndi chotupa. Pakapita miyezi minofu imafota, mafuta n'kulowa m'malo mwake, ndipo thekalo limawala pa mtundu wa chithunzi cha MRI wotchedwa T1, malire ake oongoka pakati penipeni pa lilime. Dokotala wodziwa ntchito akaona mzere umenewu sataya nthawi ndi babu. Amatsata waya m'khosi, kulowa pa kabowo ka pansi pa chigaza, mpaka pa tsinde la ubongo, kufuna chimene chikupana mtsemphawo.

Nanga ife? Mawu athu akakhotera ku miseche ndi kunyoza, timathamangira kuti lilime lilibe fupa, linangoterereka. Ayi ndithu, silinaterereke, linatumidwa. Tikhoza kuluma mlomo sabata yathunthu, koma kumeneko n'kusintha babu waya akadali wopsa. Mkwiyo uja munausunga, nsanje ija simunaiulule, n'zimene zikupana mtsempha. Pitani nazo kwa Ambuye m'mawa uno, muzitchule ndi mayina ake, ndipo amene munamulasa ndi mawu mumupepese dzuwa lisanalowe.

Pojambula MRI wodwala amauzidwa kuti asagwedeze lilime kapena kumeza malovu pamene makina akujambula, apo ayi chithunzi chimasokonekera. Masalimo 139:23 amafunanso zomwezo: mukati "Mundisanthule, Mulungu," lekani kudziikira kumbuyo, amalize kukuonani.

Ndipo ngati lilime lanu lenilenilo layamba kukhota, kapena mawu akutuluka molemera mwadzidzidzi, pempherani muli pa ulendo wa kuchipatala. Chikhoza kukhala chizindikiro cha sitiroko, ndipo pamenepo ola lililonse ndi lofunika.