Google Earth Siingakupatseni Kyalami ya 1967: Mmene Anthu Amaukitsira Misewu ya Mpikisano Yomwe Inafa

(Pa sikirini: galimoto yakale ya mpikisano ikutsetsereka kulunjika pa khona)

Taonani khona imeneyi. Dzina lake ndi Crowthorne, ya pa msewu wa mpikisano wa magalimoto wa Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg. Mukakwera basi lero kuti mukaione simukaipeza, malowo anagulitsidwa kalekale ndipo anamangapo nyumba za bizinesi. Koma ine ndadutsapo dzulo usiku ka 40, ndili pa mpando wa pulasitiki kuno ku Area 25, chiwongolero nditachimangirira ku tebulo lodyera. Zatheka bwanji? Khalani pompo, chifukwa pakati pa vidiyoyi ndikuphwanya bodza lina lomwe landitopetsa m'makomenti.

Takulandirani abale anga. Ngati ndinu atsopano, dinani batani lofiira lija musanaiwale, silidya bandulo.

Mwachangu, kwa amene simukudziwa. Pali magemu a magalimoto ongosangalatsa, pomwe umagunda khoma n'kupitirira ngati palibe chachitika. Ndiye pali ena otchedwa sim, omwe amawerengera kulemera kwa galimoto, kugwira kwa matayala, buleki, zonse. Assetto Corsa ya mu 2014, rFactor ya mu 2005, ndi gogo wawo, Grand Prix Legends ya mu 1998, yomwe inatengera mpikisano wa Formula One wa chaka cha 1967. Magemu amenewa amalola munthu wamba kuwonjezeramo zake, zomwe timati ma mod. Ndiye pali anthu, ena aphunzitsi, ena opuma pantchito, ena ana asukulu, omwe amasonkhana pa intaneti n'kumanganso misewu yakale mwaulere, usiku akaweruka. Grand Prix Legends mpaka lero anthu akuiwonjezerabe zinthu, anaipangira magalimoto a 1965, 1966, 1969. Gulu lina linamanga Targa Florio ya ku Sicily, makilomita 72 ulendo umodzi wokha, kudutsa m'midzi ndi m'mapiri. Tangoganizani, kuchoka mu Town muno mpaka kutsala pang'ono kulowa pa Dedza boma, khona iliyonse yomangidwa pamanja. Basi, zoyambira ndi zimenezo.

Sitepe yoyamba pomanganso msewu wakale: sankhani chaka.

Osati msewu wokha ayi, chaka. Spa ya ku Belgium lero ndi makilomita 7, koma Formula One itathamangapo komaliza pa msewu wakale mu 1970 inali makilomita 14.1, misewu ya anthu wamba yodutsa pafupi ndi nyumba ndi mafamu. Hockenheim ya ku Germany inali ndi mbali yaitali yolowa m'nkhalango, mu 2002 anaikumba n'kudzalapo mitengo. Gulu likapanda kugwirizana chaka pachiyambi, mudzapeza chikwangwani cha 1975 chitaima pambali pa mpanda wa 1962, ndipo mudzakangana mpaka wina atuluke mu gulu la WhatsApp. Ndinaonapo.

Sitepe yachiwiri. Eya, tafika pa bodza lija.

Sabata iliyonse pamabwera komenti yoti, achimwene, bwanji mukuvutika, ingotsegulani Google Earth, lembani mzere pamwamba pa msewu, mwamaliza. Wina wozindikira pang'ono amati ayi, chofunika ndi laser scan basi, kuyeza msewu ndi makina a laser, ukakhala nayo palibenso chokambirana. Onse awiri, khalani pansi, ndikupatseni tiyi.

Tiyambire pafupi. Ndani akukumbukira rawundabauti ya ku Area 18? Mzere wa magalimoto uja wa m'mawa, ma minibasi akulowerera mbali zonse, kondakitala atatulutsa mutu pawindo. Pano pali interchange, msewu wina pamwamba wina pansi. Ndiye tiyerekeze mwana wanu akuti, adadi, ndikufuna ndiyendetse pa rawundabauti ija mu gemu. Mubwereke makina a laser odula kwambiri padziko lonse, mukawaimike pa 18 mawa m'mawa. Akupatsani chiyani? Interchange. Yolondola mpaka pa milimita, inde, koma interchange. Makinawo amayeza chomwe chilipo tsiku limenelo, sayeza zomwe munthu akukumbukira. N'chimodzimodzi Kenyatta Drive, amene anaizolowera ili ndi mitengo mbali zonse asanaikulitse akudziwa chomwe ndikunena.

Kyalami ndi nkhani yomweyo. Anaitsegula mu 1961, ndipo kuyambira 1967 mpaka 1985 Formula One inkathamanga pa msewu woyambawo, wa makilomita 4.1. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anaumanganso. Chotsala cha kale ndi kachigawo chabe, makhona a Sunset, Clubhouse ndi ma Esses. Msewu wakale unkazungulira ngati wotchi, watsopanowu umazungulira mobwerera. Mzere wautali wowongoka uja, the Kink, Crowthorne yoyambirira, zonse zinapita. Ndiye pa Google Earth mulemba mzere pamwamba pa chiyani, denga la ofesi?

Koma tinene kuti msewu ulipobe. Prince George Circuit ya ku East London, yomwe inachititsa South African Grand Prix mu 1962, 1963 ndi 1965, ilipo ndithu. Apa ndiye Google Earth ikwana? Ayinso. Chithunzi cha setilaiti chimakuuzani kumanzere ndi kumanja, sichikuuzani kukwera ndi kutsika, komanso kupendekeka kwa phula pa khona. Ndipo galimoto imamva zimenezo kuposa china chilichonse. Deta yaulere ya kutalika kwa nthaka yomwe ambiri amatenga ndi ya SRTM, yomwe chombo cha Endeavour chinayeza mu February 2000. Imayeza malo amodzi pa mamita 30 alionse. Msewu wanu m'lifupi ndi mamita 10 kapena 12. Ndiye kuti msewu wonse ukhoza kudutsa pakati pa madontho awiri osakhudzidwa n'komwe, ndipo pomwe pali mitengo yothithikana kapena nyumba, muyezowo umakwera nazo. Mumapeza chitunda pomwe panali nkhalango chabe.

Ndikuuzeni za manyazi anga. Ine ndi anzanga awiri, mmodzi ali ku Blantyre wina amagwira ntchito ku Joni, tinayesa kumanga mzere wowongoka wa Kyalami yakale mpaka pa Crowthorne. Tinatenga mapu a pa pulogalamu yakale ya mpikisano, tinalemba bwinobwino, makhona onse m'malo mwake. Masabata atatu. Titayendetsa, unali fulati ngati bwalo la mpira la ku Civo. Mnzathu wa ku Joni anaonetsa bambo wina wachikulire wa kuntchito kwake amene ankapita kukaonera mipikisano ali mnyamata. Bambowo anayang'ana masekondi khumi n'kubweza foni. Akuti chitunda chili kuti? Pa msewu weniweniwo galimoto ikadutsa Leeukop, khona yomaliza, inkakwera chitunda, kufika pamwamba cha pa ma pit pomwe magalimoto amaima kuti akonzedwe, kenako n'kutsetsereka kulowa mu Crowthorne, ndiye woyendetsa ankaponda buleki galimoto ikutsika, ikukana kuima. Ife tinali titamanga khona yoti ngakhale agogo akhota akumwa thobwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ife ndiye tinadya phula lenileni, la msewu.

Musandimve molakwa, sindikunyoza laser scan. Pomwe msewu ulipo, palibe choposa. iRacing, sim ya David Kaemmer yemwe anapanganso Grand Prix Legends, imadalira imeneyo. Koma tamvani ichi. North Wilkesboro, bwalo la mpikisano la ku America, inatayidwa ndi NASCAR, bungwe la mipikisano ya magalimoto kumeneko, pambuyo pa 1996, udzu n'kumera m'ming'alu ya phula. Mu December 2019 Dale Earnhardt Jr., woyendetsa wotchuka wa NASCAR, anasonkhanitsa anthu ongodzipereka, anakalambula tchire lonselo kuti makina athe kuona msewu. Anayeza. Koma chomwe chinatuluka mu gemu mu 2020 chinali North Wilkesboro ya 1987, kutanthauza kuti ngakhale anali ndi scan m'manja, anayenerabe kukhala pansi ndi zithunzi ndi mavidiyo akale kuti abwezeretse zomwe zinaola ndi zomwe zinasintha. Scan inawapatsa mafupa, mnofu anachita kufufuza. Ndipo mu 2023 mpikisano weniweni wa NASCAR, wotchedwa All-Star, unachitikira pamalopo. Nkhani imeneyo ndidzaipangira vidiyo yakeyake, lembani "eya" m'makomenti ngati mukuifuna.

Ndiye anthuwa amachita bwanji pomwe msewu kulibe? Apa ndi pomwe ndimawavulira chipewa. Wina amasaka zithunzi zakale zojambulidwa pa ndege ndi mapu a boma okhala ndi mizere ya kutalika kwa nthaka. Wina amatenga chithunzi chimodzi cha galimoto ili pa khona, ndipo poti kutalika kwa galimotoyo kuchoka pa tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo n'kodziwika, amaisandutsa rula n'kuyeza nayo m'lifupi mwa msewu. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa fSpy kothandiza kupeza pomwe wojambula anaima, ndiye mu Blender, pulogalamu youmbira zinthu za 3D, mumaika kamera yanu pomwepo n'kumakankha chitunda chanu mpaka chigwirizane ndi chithunzicho. Chithunzi chimodzi chikagwirizana mumatenga china cha mbali ina, n'kupeza kuti mwaphonya, n'kuyambiranso. Wina amawerenga mafelemu a filimu yakale, kuchoka pa mtengo uwu kufika pa mlatho uwo ndi mafelemu angati, kuti adziwe liwiro ndi mtunda. Kumene kuli mwayi, monga ku England komwe boma linatulutsa deta ya LIDAR (yoyeza nthaka ndi laser kuchokera pa ndege) kwaulere, mumatha kuona chipsera cha msewu wakale pansi pa msipu. Ndipo pamapeto pake pamafunikabe munthu ngati bambo aja, woti anene kuti apa sipanali chonchi. Palibe munthu mmodzi amene ali ndi maso onsewa, n'chifukwa chake ntchitoyi imakhala ya gulu.

Ndatentha, ndikudziwa. Pumani kaye. Loweruka lino 8 koloko usiku tili ndi mpikisano wathu wa pa intaneti, linki ya gulu ili m'munsimu. Simufunika chiwongolero, ena akubwera ndi padi ya gemu ya m'manja ndipo akutipitirira. Magetsi akazima mbali yanu pakati pa mpikisano sitikuchotserani mapointi, lamulo limenelo tinaliika ine nditazimiridwa ndikutsogola.

Sitepe yachitatu, kumanga. Blender ndi yaulere ndipo imayenda pa laputopu wamba. Msewu mumaumanga kawiri, wina woti maso aone, wina wosaoneka woti matayala amve mabampu. Mu Assetto Corsa mayina ndi chilichonse: phula litchedwe 1ROAD, udzu 1GRASS, khoma 1WALL, poyambira AC_START_0. Mumatulutsa ngati fayilo ya FBX, kulowetsa mu ksEditor, pulogalamu ya Assetto Corsa, n'kutuluka fayilo ya kn5 yomwe gemuyo imawerenga. Mukaiwala ka 1 kaja galimoto imaboola msewu n'kumagwa mumdima osafika pansi. Aliyense zinamuchitikirapo, wokana akunama. Ndipo sevani pafupipafupi, muli ku Lilongwe.

Yachinayi, zokongoletsa. Zikwangwani, mabelo a udzu, anthu oonerera. Gawanani, wina atenge nyumba wina mitengo. Tapita.

Yachisanu, kuyesa. Tengani galimoto ya chaka chomwecho, perekani kwa woyendetsa bwino kwambiri pagulu panu, yerekezani nthawi yake ndi nthawi zolembedwa za mpikisano weniweni. Akamathamanga kuposa Jim Clark, katswiri wa Formula One wa zaka zimenezo, ndi masekondi asanu, si kuti mnzanuyo ndi mfiti, khona ina mwaitakasula kapena phula mwalipatsa mphamvu yogwira yochuluka. Clark yemweyo, tikunena pano, mpikisano wake womaliza kupambana mu Formula One unali pa Kyalami pomwepa, pa 1 January 1968.

Kachinthu kena kondinyansa ndisanatseke. Pali anthu amatenga msewu womwe gulu lavutikira zaka, kufufuta mayina a eni ake, kusintha mtundu wa udzu, n'kumaugulitsa. Imeneyo ndi kuba, ngati kukolola m'munda mwa mnzako usiku. Mukafuna kusamutsa msewu kuchoka mu gemu ina kupita ina, pemphani, ndipo mayina a omanga asiyeni momwemo.

(Pa sikirini: galimoto yaing'ono ikutuluka pa Leeukop)

Galimoto mukuionayi ndaisankha dala. Pa 2 January 1967, bambo wa ku Bulawayo, John Love, wa zaka 42, anabwera pa Kyalami ndi Cooper-Climax yakeyake, ya injini yaing'ono kuposa ya akuluakulu a ku Ulaya, ndipo anatsogola mpikisano wa South African Grand Prix. Kutatsala maulendo ochepa, vuto la mafuta linamukakamiza kulowa mu pit. Pedro Rodríguez anadutsa n'kupambana, Love anathera pachiwiri. Munthu wa pafupi pompa, dziko lomwe tinali nalo mu chitaganya mpaka 1963. Loweruka tikuthamanga pa msewu umenewo, wa chitunda chake, osati fulati wathu uja. Ine ndatenga kale nambala ya Love, ndipo thanki ndidzadzaza mpaka pakamwa. Amene ali ndi agogo kapena amalume omwe anagwirapo ntchito ku Joni kapena ku Bulawayo zaka zimenezo, kawafunseni ngati ali ndi zithunzi m'sutikesi, ngakhale chosaoneka bwino, mutitumizire ku gulu. Vidiyo ya mmene ndinamangirira chiwongolero ku tebulo popanda kukwiyitsa mayi a kunyumba ndi iyo ikuoneka pakonapo.