Bwalo lili pafupi, koma woonera mpira ali ku Ndirande

Abale anga amene mukumvera, landirani moni kuchokera kuno ku Manchester. Lero ndikufuna nditulutse zimene zandikhala pamtima kuyambira Loweruka lapitali.

Nditagwira mashifiti anayi otsatizana ku nyumba yosamalira okalamba, ndinafika pakhomo, ndinaphika nsima yanga, n'kukhala pampando kuti ndionere United, imene inkayamba kusewera 3 koloko masana. Ndinatsegula matchanelo onse amene ndimalipira, koma chimene ndinapeza ndi amuna ovala masuti atandandalika mu situdiyo, akuonera mpira pa makanema amene ife sitikuwaona, n'kumakuwa kuti chalowa. Ndinaimbira foni kampani ija, ndinadikira mphindi 40 ndikumvera kanyimbo kamodzimodzi, ndipo mayi amene anayankha anandiuza mwaulemu kuti palibe chimene chawonongeka, ndi lamulo lotchedwa blackout, kenaka anandifunsa ngati ndingakonde kuwonjezera matchanelo a mafilimu.

Ndili pa foni pomwepo, uthenga wa mng'ono wanga unalowa pa WhatsApp: "Achimwene, mwachiona chigolicho?" Iye anali pa benchi mu video show ku Ndirande, akuonera masewero omwewo pa SuperSport ndi ndalama yosakwana kugula buledi. Ine amene basi yanga ya kuntchito imadutsa pafupi ndi Old Trafford, ine amene ndimamutumizira chithunzi cha bwalolo kuti anzake asirire, ndinalibe choyankha. Kwathu mawu akuti blackout amatanthauza kuzima kwa magetsi. Kuno magetsi amayaka usana ndi usiku, chimene amazimitsa ndi mpirawo.

Kwa inu amene mwangofika, lamulolo ndi ili: Loweruka kuyambira 2:45 masana mpaka 5:15 madzulo, palibe mpira umene umaonetsedwa pa kanema pamene ukuseweredwa, ngakhale wa ku Spain. Linayamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo amene analimenyera nkhondo ndi Bob Lord, wapampando wa Burnley, poopa kuti anthu akamaonera matimu akuluakulu m'nyumba zawo, mabwalo a matimu ang'onoang'ono adzakhala mbee. Bungwe la UEFA limalola zimenezi pa gawo 48 la malamulo ake. Lamuloli linaimitsidwa mu 2020 pa nthawi ya Covid, mabwalo atatsekedwa, ndipo anthu atabwerera m'mabwalo nalonso linabwerera. Maganizo a Bob Lord sindikuwanyoza, chifukwa ndinaona ndi maso anga anyamata akusiya masewero a ligi yathu n'kukathithikana mu video show chifukwa Arsenal ikusewera.

Chimene chikundiwawa ndi kampaniyo. Pa masewero 380 a Premier League, amene amaonetsedwa muno ndi pafupifupi 270 pachaka, pa mgwirizano wa mapaundi 6.7 biliyoni wa zaka zinayi umene unayamba mu 2025, ndiponso anagawidwa kwa makampani awiri, motero mumalipira kawiri, osaiwala laisensi ya kanema. Mnyamata amene anandisainitsa kontirakiti ya miyezi 24 anati ndidzaonera mpira wonse, ndipo za Loweruka masana sanatchuleko. Muziwerenga timalemba ting'onoting'ono tija, abale anga, muzifunsa kuti mukafuna kusiya mudzalipira zingati, ndipo musamasaine kanthu mutangoweruka shifiti ya usiku mutu uli zii. Tizipangizo tija toonera mpira mozembera lamulo timene mumagulitsana pakhomo la tchalitchi, ine ndakana. Munthu amene mapepala ake ali m'manja mwa bwana sangaike visa yake pachiswe chifukwa cha mphindi 90, ana akudikira fizi kumudzi.

Ndinatsegula BBC Radio 5 Live, monga momwe bambo anga ankakhalira pakhonde ndi wailesi ya mabatire pamene Bullets ikukumana ndi Wanderers, ndipo nsima inali itazizira kale. Chigawo chachiwiri chili pakati, uthenga wina unalowa: "Achimwene, magetsi azima kuno, jenereta yakana. Zikutha bwanji?" Ndinayamba kumulembera zimene ndinkamva pa wailesi, mphindi ndi mphindi, iye n'kumawerengera anthu onse a mu video show. Anandiuza kuti iwo ankakhulupirira kuti ndili m'bwalo momwemo, ndipo sindinawatsutse. Zigolizo ndinaziona pa Match of the Day cha m'ma 10:30 usiku, alamu ya shifiti ya m'mawa nditaitchera kale.