Mafunso aja a data sufficiency pa aptitude, osasova!

Takhalani pansi achinyamata, inu akumbuyoko tazimitsani kaye mafoniwo. Ndakuitanani chifukwa cha zomwe zachitika sabata yathayi, anzanu anapita mtauni kukalemba aptitude ya ntchito, ena ndi madigiri awo, koma abwerako akulira kuti nthawi inawathera pagawo lija la data sufficiency. Wina akundiuza monyadira kuti iye anasova funso lililonse mpaka pepala la rafu kudzadza. Mwana wanga, pomwepo mpomwe unagwera. Mafunso amenewa safuna ansala ya samu ayi, amangofuna kudziwa ngati zomwe akupatsazo zakwana kuti munthu apeze ansala. Osasova, ndikubwereza, osasova mpaka kumapeto.

Taonani pabolodipa. Tchati chozungulira ichi chikuonetsa matumba omwe kalabu ya alimi inakolola: chimanga 40%, soya 25%, zotsalazo mtedza. Funso likuti soya anali matumba angati? Pansi pa funso lotere amakupatsani ziganizo ziwiri, inu muone ngati zakwana kuliyankha. Chiganizo choyamba chikuti matumba onse anali 200. Chakwana, ndipo musavutike nkuchulukitsa, mwadziwa kale kuti ansala ipezeka. Tsopano phimbani choyambacho ndi chala, 200 uja muiwaliretu ngati simunamuonepo. Chachiwiri chikuti chimanga chinaposa soya ndi matumba 30. Ambiri apa mumathamangira kuti sichikwana poti sichinatchule zonse, koma 40 kuchotsa 25 ndi 15, ndiye ngati 15% ndi matumba 30 zina zonse zituluka zokha. Chilichonse chakwana pachokha.

Eya achimwene, mwakweza dzanja?

"Nanga akafunsa makilogalamu a soyayo? Si thumba ndi 50kg, tingochulukitsa?"

Ehee, ndimadikira ameneyu! Wakuuzani ndani kuti thumba limeneli ndi la 50kg? Zalembedwa patchatipa? Ku ADMARC inde mumaona la 50, koma pitani pa Lizulu mukaone thumba la mbatatesi lomwe alisokerera chipewa pamwamba, anyamata awiri kuvutika kulikweza pa lole, nalonso amalitcha thumba. Wolemba mayeso amadziwa kuti mubwera ndi nzeru zakumsika ndiye amakutcherani dala pamenepo. Ngati tebulo kapena ziganizozo sizinanene kulemera kwa thumba limodzi, ndiye kuti sizinakwane, kaya ku mtima kwanu mukutsimikiza bwanji. Chimodzimodzi maperesenti, tchati cha 2022 chikati 30% cha 2023 nkuti 25%, musanene kuti zokolola zatsika musanaone chiwerengero chonse cha chaka chilichonse, 25% ya zambiri itha kuposa 30% ya zochepa.

Ndaona ena ayamba kuyasamula, tithamange. Werengani mutu wa tebulo ndi timawu tating'ono tapansi tija, mwina manambalawo ali mu masauzande. Yesani choyamba pachokha, kenako chachiwiri pachokha, muziphatikiza pokhapokha zonse zikakanika. Mapepala ambiri amatsata kayalidwe ka mayeso a GMAT, aja olowera digiri yachiwiri ya zamabizinesi: A choyamba chokha ndiye chakwana, B chachiwiri chokha, C ziwiri pamodzi, D chilichonse pachokha, E ngakhale pamodzi sizikwana, koma ena amasinthanitsa zilembozi ndiye yambani mwawerenga malangizo. Funso likakhala la inde kapena ayi, "ayi" wotsimikizika nayenso ndiye kuti zakwana. Ndipo osasova!

Loweruka mubwere ndi mapensulo tidzayese pa wotchi. Mipandoyo bwezani mwakale, amayi a kwaya akudikira holoyi panjapo.